Ikaola Imodzi, Kodi Zaola Zonse?

Pali lumbiro limene limamveka kawirikawiri pakati pa anthu oyenda pa ndege: "Ndege ya kampani imene ija sindidzakweranso, ngakhale atandipatsa tikiti yaulere." Lumbiroli limatuluka m'kamwa mwa munthu amene wagona pa mpando wachitsulo usiku wonse pa bwalo la ndege popanda womuuza chomwe chavuta, kapena amene wafika pamaliro a mayi ake anthu atabwerako kale kumanda, kapenanso amene wadikira katundu mpaka anzake onse achoka, sutikesi yake osaoneka. Akafika kwawo amafotokozera abale, abale nafotokozera anansi, ndipo posakhalitsa dzina la kampaniyo lalowa pa mndandanda wa ndege zoyenera kuzipewa. Makolo athu, poona nsomba za m'dengu limodzi, adati ikaola imodzi zaola zonse. Funso loti tisinkhesinkhe ndi ili: kodi n'chilungamo kuweruza ndi mwambi umenewu kampani ya antchito zikwizikwi, imene ndege zake zimanyamuka ndi kutera kambirimbiri tsiku lililonse, chifukwa cha ulendo umodzi wokha umene watiwawa?

Wina angati imeneyi ndi nkhani ya anthu a ndalama, yosakhudza munthu wamba. Komatu masiku ano m'ndege mumakhala amayi a geni opita kukapikula katundu ku Johannesburg, Dubai kapena Guangzhou, odwala otumizidwa ku zipatala za ku India, ophunzira, Asilamu a paulendo wa ku Mecca, ndi ana athu ogwira ntchito kunja amene akuthamangira zovuta kumudzi. Kwa ambiri a iwowa tikiti imodzi ndi thukuta la miyezi yambiri, mwinanso ngongole. Kuwonjezera apo, funsoli silithera pa ndege. Ndi lomwelo limene timakumana nalo pa chipatala chimene chidatinyoza, pa basi imene idatisiya panjira, pa golosale imene idatigulitsa ufa wofumbwa: ndi liti pamene munthu ali ndi ufulu wofulatira amene wamulakwira, nauzanso ena kuti amufulatire?

Tiyambe ndi kuvomereza kuti mkwiyo wa wapaulendo uli ndi maziko. Wokwera minibasi akaona kuti dalaivala akuthamanga mopyola muyeso kapena kondakitala ndi wamwano, atha kutsika pa Balaka kapena pa Ntcheu n'kudikira ina. Wokwera ndege alibe mwayi umenewo. Ndalama adalipira kalekale, katundu wapereka m'manja mwa anthu osawadziwa, lamba ndi nsapato wavula pachipata, ngakhale botolo la madzi amulanda. Zinthu zikasokonekera, nthawi zambiri amakhala ali m'dziko la eni, kumene sadziwa chiyankhulo, alibe mbale, mwinanso alibe chilolezo chotulukira kunja kwa bwalolo. Pajatu kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ulifuna. Munthu wotere ndi mlendo weniweni, ndipo kampani imene yalandira ndalama zake ndiye mwini khomo. Pa chikhalidwe chathu, udindo wa mwini khomo umakula molingana ndi kusowa pogwira kwa mlendo. N'chifukwa chake chipongwe cha pa bwalo la ndege chimawawa kuposa cha pamsika: wokuchita chipongweyo akudziwa kuti ulibe kothawira.

Komabe mkwiyo, ngakhale wamaziko, ndi woweruza wopupuluma, pakuti umathira zinthu zosiyana m'thumba limodzi. Zowawa za paulendo zili m'magulu atatu, ndipo chilungamo chimafuna kuti tiwasiyanitse. Pali tsoka, pali kuphonya, ndiye pali kunyoza.

Tsoka ndi limene palibe adalifuna kapena akadaliletsa. Mu Epulo 2010 phiri la Eyjafjallajökull ku Iceland lidaphulika n'kulavula phulusa lochuluka mumlengalenga. Phulusa lotere likalowa mu injini ya ndege limasungunuka n'kumatirira, ndipo injiniyo itha kuzima. Maiko ambiri a ku Ulaya adaletsa ndege kuuluka kwa masiku pafupifupi 6. Maulendo pafupifupi 100,000 adalephereka ndipo anthu pafupifupi 10 miliyoni adasowa mtengo wogwira. Palibe kampani imene tingailoze chala pa zimenezo. N'chimodzimodzi woyendetsa ndege akakana kunyamuka chifukwa cha mphepo yamkuntho, kapena chifukwa amakaniko apeza kachilema pa injini. Ifetu timang'ung'udza, pomwe munthuyo akutisunga. Anthu a kunyanja amadziwa kuti mwini bwato wokana kuoloka mwera utakula ndi amene uyenera kumufunafuna ulendo wina. Wolumbira kuti sadzakweranso ndege imene idamuchedwetsa pofuna kumuteteza akulanga kampani chifukwa cha khalidwe labwino, ndipo tonse tikadamatero, makampani akadaphunzira kuti kusunga nthawi n'kofunika kuposa kusunga moyo.

Ngakhale pa ngozi yeniyeni, nthawi zina chala chimaloza kolakwika. Pa 10 Malichi 2019 ndege ya Ethiopian Airlines yochokera ku Addis Ababa kupita ku Nairobi idagwa patangotha mphindi 6 inyamukire, ndipo anthu onse 157 adafa. Padali ena amene adafulumira kunena kuti ndi mmene zimakhalira ndege za mu Africa. Koma mu Okutobala 2018, miyezi yosakwana 5 m'mbuyomo, ndege ya mtundu womwewo, Boeing 737 MAX, idali itagwa ku Indonesia n'kupha anthu 189. Ofufuza adapeza kuti pa ngozi zonse ziwiri pulogalamu ya kompyuta yotchedwa MCAS, italandira uthenga wolakwika kuchokera ku kachipangizo kamodzi, inkaweramitsa mphuno ya ndege mobwerezabwereza, pomwe oyendetsa ndege sadaphunzitsidwe mokwanira za pulogalamuyo. Ndege za mtunduwu zidaimitsidwa pa dziko lonse kwa miyezi pafupifupi 20. Munthu amene akadathawa kampani ya ku Ethiopia n'kukakwera ndege ya mtundu womwewo ya kampani ina yotchuka akadathawa dzina lokha, ngozi ali nayobe.

Gulu lachiwiri ndi kuphonya. Sutikesi yopita ku Lilongwe yakatsikira ku Lusaka, kapena yafika itang'ambika. Pano wolakwa alipo ndithu, koma ndi kulakwa kwa manja, kumene aliyense wogwira ntchito amakudziwa. Kodi alipo mayi amene sadaswepo mbale? Sutikesi imodzi imadutsa m'manja ambiri, ndipo ena mwa manjawo ndi a makampani ena olembedwa ganyu pa bwalo la ndege. Ngakhale malamulo amavomereza kuti zoterezi zidzachitika. Pangano la maiko limene lidasainidwa ku Montreal mu 1999 limalamula kampani kulipira katundu wotayika, wowonongeka kapena wochedwa, ndipo limapatsa wapaulendo masiku 7 odandaulira m'kalata za katundu wowonongeka ndi masiku 21 za wochedwa. Kuphonya kamodzi sikuulula khalidwe. Zoulula khalidwe ndi zimene zimatsatira.

Mu 2008 woimba wa ku Canada, Dave Carroll, adakwera ndege ya United Airlines. Posintha ndege ku Chicago apaulendo adaona onyamula katundu akuponya magitala, ndipo gitala lake la madola 3,500 lidapezeka litathyoka. Kuthyoka kwa gitalalo kudali kuphonya chabe. Koma kwa miyezi 9 woimbayo ankangotumizidwa uku ndi uku, ofesi iyi kuloza ofesi ina, mpaka adauzidwa kuti salipidwa kalikonse chifukwa sadadandaule pasadathe maola 24. Mu Julayi 2009 iye adaika pa YouTube nyimbo yofotokoza nkhaniyi, ndipo anthu mamiliyoni adaimvera. Ndi pamene kampani idakumbuka kumufunafuna. Taonani kuti manja amene adaponya gitala akadaiwalika msanga. Chimene chidaipitsa mbiri ya kampaniyo ndi miyezi 9 ija ya kukana. Apa kuphonya kudasanduka kunyoza, limene ndi gulu lathu lachitatu.

Chitsanzo chomvetsa chisoni cha kunyoza chidachitika ku Chicago komweko pa 9 Epulo 2017. Anthu atakhala kale m'mipando mu ndege yopita ku Louisville, yoyenda m'dzina la United, kudapezeka kuti pakufunika malo a antchito anayi amene ankayenera kukagwira ntchito kumeneko. Kampani idalonjeza chiphaso cha madola 800 chokwerera ndege ulendo wina kwa wololera kutsika, koma palibe adadzipereka. Tsono idasankha yokha anthu anayi. Atatu adatsika, koma wachinayi, dokotala wa zaka 69, adakana, nati ali ndi odwala omudikira. Adaitanidwa achitetezo a pa bwalolo, amene adamuzula pampando n'kumukhwekhwereza pansi ngati thumba la chimanga, magazi ali chuchuchu. Adathyoka mphuno, naguluka mano awiri. Anzake a m'ndegemo adajambula zonse pa lamya za m'manja, ndipo dziko lonse lidaona. Mkulu wa kampaniyo, Oscar Munoz, poyamba adalembera antchito ake kalata yowaikira kumbuyo, nanena kuti wokwerayo ndiye adali wovuta. Kupepesa kwenikweni kudadza anthu atakwiya kale ponseponse.

Pa tsikulo kudalibe mphepo, kudalibe phulusa, injini idali bwinobwino. Choopsa kwambiri n'chakuti antchito a kampani sadaswe mbale mwangozi ayi, ankatsata ndondomeko imene adapatsidwa. Ndondomekoyo ndiyo inkati zofuna za kampani zikawombana ndi ulemu wa munthu amene walipira, munthuyo ndiye agonje, ngakhale mokakamiza. Pa nkhani yotere ulendo umodzi ukwanira kuweruzira kampani yonse. Mayi salawa mphika wonse kuti adziwe ngati mchere wakwana. Kadontho ka msuzi pachikhatho kamamuuza, chifukwa ndiwo zonsezo zaphikidwa pamodzi. Chimene chachitika chifukwa cha lamulo la kampani chidzachitikanso kwa wina mawa, pakuti lamulolo lili m'ndege zake zonse. Choncho mwambi wa nsomba uja umagwira pamene kuolako kwachokera ku dengu lenilenilo.

Muyeso wabwino, tsono, ndi kufunsa zimene kampani idachita zinthu zitavuta. Kodi idanena zoona, kapena inkangoti "mphindi 30 zokha" kuyambira m'mawa mpaka usiku? Kodi idasamala anthu, makamaka okalamba, odwala ndi amayi a ana, powapatsa chakudya ndi pogona? Kodi idavomera kulakwa n'kulipira popanda kuyendetsa munthu mpaka nsapato kutha? Malamulo a ku Ulaya amasiyanitsa bwino zimenezi. Lamulo la European Union la chaka cha 2004 lidaika chipepeso cha mayuro 250 mpaka 600 kwa amene ulendo wake walephereka, ndipo lidamasula kampani ku chipepesocho ngati gwero lake ndi tsoka losapeweka. Koma udindo wodyetsa ndi kugoneka apaulendo silidauchotse. Kampani ya Ryanair itakana kubweza ndalama zimene wapaulendo wina adawononga pa chakudya ndi pogona nthawi ya phulusa ija, khoti lalikulu la European Union lidagamula mu Januwale 2013 kuti udindowo ulipo ngakhale phiri litaphulika. Agogo athu sakadadabwa ndi chigamulo chimenechi. Mlatho ukakokoloka mlendo ali pakhomo pako, mvulayo si mlandu wako, koma mlendoyo akagona ndi njala mlandu ndi wako.

Tayeza kampani, tidziyezenso ife odandaula. Amene wavutika ali ndi udindo wochenjeza anzake, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Koma chenjezo ndi umboni, ndipo umboni uyenera kukhala woona. Nkhani za paulendo zimanenepa poyenda: maola 3 amasanduka tsiku lathunthu, ndipo wofotokozayo amaiwala kutchula kuti adafika mochedwa, kuti katundu wake adapyola makilogalamu ololedwa, kapena kuti chiphaso chake chidali ndi vuto. Maulendo 10 amene adayenda bwino sawatchula n'komwe, chifukwa ulendo wabwino ulibe nkhani. Mbiri ya kampani ndi nsima ya anthu ambiri, kuyambira woyendetsa ndege mpaka wosesa, ndipo woiwononga ndi nkhani yokokomeza sasiyana ndi mboni yonama pabwalo la mfumu.

Tikumbukirenso mtsikana wa pa kauntala. Iye sadagulitse matikiti ochuluka kuposa mipando, sadalembe ndondomeko, ndipo nthawi zambiri nayenso sadauzidwe chomwe chikuchitika. Amangoikidwa kutsogolo ngati chishango, mabwana ali m'maofesi akutali. Womukalipira ndi kumutukwana akuchita kwa iye zomwezo zimene akudandaula, ndiko kuonetsa mphamvu pa munthu amene sangabwezere kapena kuthawa. Ngati mtsikanayo wachita mwano payekha, njira ilipo: dzina lake lilembedwe, dandaulo lipite kwa omuyang'anira.

Palinso tsankho lobisika m'maweruzo athu. Ndege ya kwa azungu ikachedwa timati payenera kuti pali chifukwa. Yakwathu ikachedwa timati ndi chikhalidwe. Ndipo dzina likalowa pa mndandanda wa mumtima mwathu silitulukanso. Komatu mndandanda wachilungamo uyenera kukhala ndi khomo lotulukira. European Union, imene kuyambira 2006 imasindikiza maina a makampani oletsedwa kuuluka ku Ulaya pa zifukwa za chitetezo, imaunikanso mndandanda wakewo nthawi ndi nthawi. Makampani onse a ku Zambia adalowamo mu 2009 natuluka mu 2016. A ku Mozambique adalowamo mu 2011 natuluka mu 2017, maikowo atakonza kayang'aniridwe ka ndege zawo. Munthu amene lero akukanabe kampani chifukwa cha sutikesi imene idasowa zaka 20 zapitazo akulanga antchito amene mwina panthawiyo adali ku pulaimale.

Ndiye pali funso lovuta: kodi malumbiro athuwa amasintha kanthu? Chaka chomwecho cha 2017, anthu atalumbira kuti aisala, United idapeza phindu loposa madola 2 biliyoni. Ryanair, imene anthu a ku Ulaya akhala akuidandaula kwa zaka zambiri, idanyamula anthu 200 miliyoni m'chaka chake cha zachuma chothera mu Malichi 2025. Timalumbira lero, koma mawa tikaona tikiti yotsika mtengo lumbiro lija lakamuka ngati mame. Apa nafenso tili ndi gawo. Ngati nthawi zonse tisankha mtengo wotsikitsitsa, tikuphunzitsa makampani kuti ulemu si chinthu chimene tingalipirire, ndipo iwo adzachepetsa antchito ndi kupanikiza mipando mosaopa. Walira mvula walira matope. Wosauka sitingamudzudzule pa izi, pakuti amagula chimene thumba lake lalola. Koma amene ali ndi mwayi wosankha, nabwererabe kwa womunyoza pofuna kupulumutsa tindalama tochepa, asamadabwe kunyozako kukapitirira.

Komabe United idasintha. M'mwezi womwewo wa Epulo 2017 idalengeza kuti sidzatsitsanso mokakamiza munthu amene wakhala kale pampando, pokhapokha pa zifukwa za chitetezo, ndipo idakweza malipiro a odzipereka kutsika mpaka madola 10,000. Adabweretsa kusinthaku ndi anthu amene adaona, najambula, nayankhula. Kuchoka mwachinunu kumapulumutsa wochokayo yekha, pomwe kuyankhula kumapulumutsanso wobwera pambuyo.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa ife. Munthu wa ku London kapena ku Chicago akakana kampani imodzi, ali ndi ena ambiri oti asankhepo. Wonyamukira ku Lilongwe kapena ku Blantyre ali ndi makampani owerengeka pa zala, ndipo kawirikawiri ulendo wakutali umadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Air Malawi idaleka kuuluka mu 2013, ndipo kampani imene idalowa m'malo mwake mu 2014 idakhazikitsidwa ndi boma mogwirizana ndi Ethiopian Airlines. Ukakana makampani awiri, mwina watsala ndi basi. Kunyanyala ndi ufulu wa amene ali ndi kosankha. Wopanda kosankha watsala ndi pakamwa ndi cholembera, ndipo apa ndi pamene timafooka. Timati "zimachitika", timati "bola tafika", n'kunyamula katundu wong'ambika kupita kwathu. Kufatsa kwathu, kumene ndi chuma, kumasanduka manyowa omeretsa mwano. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lembani fomu ya katundu wosowa musadatuluke pa bwalo la ndege, sungani tikiti ndi malisiti, lemberani kampani kalata yotchula tsiku, nthawi ndi chomwe chidachitika, ndipo ikapanda kuyankha pitani ku mabungwe oteteza ogula monga Competition and Fair Trading Commission. Kutero si kukonda ndewu. Timanena kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tikumbukirenso kuti chimene waona iwe lero, mawa chili pa gogo wina amene sadziwa Chingerezi ndipo sangadziyankhulire.

Nanga kukhululuka? Ambiri a ife tidaphunzitsidwa ku tchalitchi kapena ku mzikiti kuti tisasunge mangawa. N'zoona, ndipo mkwiyo wosungira kampani umadya mwini wake yekha, pakuti kampani siumva. Koma kukhululuka ndi kukhulupirira ndi zinthu ziwiri. Munthu atha kukhululukira mnansi amene adamubwereka njinga n'kuithyola, koma osamubwerekanso mpaka ataona kusintha. Kampani ilibe mtima woti ulape, kotero kulapa kwake kumaonekera m'malamulo ake ndi m'machitidwe a antchito ake. Kalata yopepesa imene kompyuta imatumiza kwa aliyense wodandaula siikwanira. Lamulo likasintha, ndi pamene munthu wachilungamo ayenera kufufuta dzina lija pa mndandanda wake.

Tsono, kodi ikaola imodzi zaola zonse? Wogula wanzeru sataya dengu lonse asadanunkhize, ndiponso sanyamula dengu lonunkha chifukwa choti latsika mtengo. Kampani imene idatichedwetsa koma n'kutiuza zoona, kutidyetsa ndi kutipepesa, tiikwerenso, ndipo tiuze ena za ubwino wake monga tikadawauzira za kuipa kwake. Imene idatinamiza, kutisiya pamtetete kapena kutichotsera ulemu potsata lamulo lake, tili ndi ufulu, mwinanso udindo, woifulatira ndi kuuza ena chifukwa chake, mosawonjezera ndi mosachotsera. Koma tisadafulatire tiiuze kaye iyo yomwe, m'kalata yokhala ndi dzina lathu, kuti idziwe chimene yatayira mlendo wake.